Mchira wa Shati ya a Orval

Ku msasa wa a Brubaker, mkati mwa nkhalango ya boma kumapiri a Pennsylvania, munthu ankasiya dzina m'njira ziwiri. Ukapha gwape wamphongo, nyanga zake ankazikhomera pakhoma la kumbaula, n'kuwotcha dzina lako pathabwa ndi msomali wamoto. Ukawombera n'kuphonya, anzako ankakuimba mlandu madzulo ake, n'kukudula mchira wa shati, kansalu kakumbuyo kopisira m'thalauza kaja, n'kukakhomera pamtanda wa denga kuti aliyense wolowa aziona manyazi ako. Mtandawo unali utadzaza nsanza zamitundumitundu, zina zitafumbwa ndi utsi moti mwini wake yekha ndiye akanazizindikira, akanakhala kuti ali moyo.

Merle Brubaker anali ndi zonse ziwiri, koma nyanga ndiye zinali mbwee. Theka la khomalo linali lake. Kumalo omwera khofi m'tauni, anthu akamakamba za ulenje, dzina lake silinkachedwa kutuluka, ndipo iye sankakana. Ankangogwedeza mutu modzichepetsa, kudzichepetsa kwa munthu amene akufuna mupitirize.

Akulu ake, a Orval, analibe kanthu pakhomapo. Ngakhale kansanza pamtanda analibe.

Chifukwa chake aliyense pamsasapo ankachidziwa, kungoti palibe ankachiganizira. Kusaka kwa banjali kunali kwa anthu awiri: wina amalowa m'ziyangoyango kukavumbulutsa agwape, wina amalalira pamwala wa pampata pamene nyamazo zimatulukira. Ali mwana, Merle ankavutika ndi chifuwa cha mphumu, ndiye bambo awo anagamula kuti, "Orval ali ndi miyendo, alowe m'thengo. Merle akhale pamwala." Mphumuyo inatha Merle asanamere n'komwe ndevu. Koma ndani amachoka pampando wofunda popanda womuchotsa? Bambo anamwalira, amalume anatha mmodzimmodzi, ana anakula n'kubalalika, ndipo a Orval ankalowabe m'thengo, mfuti ili kumsana ngati katundu wa eni ake. M'ziyangoyango zimenezo munthu suona patali kuposa kutalika kwa mkono wako, ndiye uwombera chiyani? Ntchito yawo inali imodzi: akaona gwape wanyanga akudzambatuka, ankalira kawiri ngati khwangwala. Merle akamva kulirako ankakweza mfuti, ndipo zotsalazo zinali za pakhoma.

Chaka chimenechi chiuno cha a Orval chinakana. Anafika kumsasa akutsimphina ndi ndodo, ndipo tsiku lotsegulira kusaka anangokhala pakhonde, atafunda bulangeti, akumvetsera mfuti zikulira kumapiri ngati munthu womvera ukwati wa kwa eni. Loweruka mwana wawo Renee ankabwera kudzawatenga kupita nawo ku Arizona, kumene kulibe chisanu ndiponso adokotala ali pafupi. Nyumba yawo ya m'tauni inali itagulitsidwa kale. Aliyense ankadziwa kuti ulendo umenewo ngwosabwerera, koma amuna a pamsasa akakhala ndi chisoni amakamba za nyengo.

Anatsala atatu okha pamsasapo: abale awiriwo ndi Stosh Wozniak, mnzawo wa kufakitale ya zitsulo, amene ankaphika, ndipo pamilandu ya ophonya ndiye anali woweruza. Madzulo a tsiku lotsatira akudya nyemba za nyama yankhumba, a Orval anaika supuni pansi n'kuyang'ana khoma lija nthawi yaitali.

"Mlendo atalowa muno," anatero, "akhoza kunena kuti mdala Brubaker anabereka mwana mmodzi."

Ananena moseka, ndipo Stosh anaseka nawo. Merle yekha anasiya kudya. Anayang'ana nyanga zija, dzina lake, dzina lake, dzina lakenso, mpaka kudenga, ndipo anachita manyazi amene sanawachitepo ngakhale tsiku limene anamudula shati.

"Achimwene, mawa mukhala pamwala ndinu. Ine ndilowa m'thengo."

"Iwe?" A Orval anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka pamimba, n'kuima pamimba pomwepo. "Ndi chimimba chimenecho? Tikakuzula ndi thirakitala."

"Ndanena ndanena. Nyanga zanu zikhala apa musanapite."

"Nanga kumwalako ndikafika bwanji, mphwanga? Ndiuluka?"

Stosh anapukuta manja pathewera lake lophikira. "Chileyi chokokera nyama chili kuseri uko. Chanyamulapo agwape onenepa kukuposani, akulu. Kungoti iwo sankalongolola."

A Orval anakana, anatukwana pang'ono, kenako anapempha khofi wina n'kuyamba kumuphunzitsa Merle. Zinamudabwitsa kuti zinthu zimenezi sanazifunsepo.

"Choyamba, usadane ndi anthu a m'tauni aja. Nkhalango ndi ya aliyense, ndipo iwo aja ndi agalu athu osafuna kudyetsa. M'mawa amakhamukira kuzitunda zoyera, koonekera bwino, agwape n'kuthawira m'ziyangoyango za kukhwawa. Dzuwa likakwera, zala zikawauma, amatsika kukadya kumagalimoto. Ife timalowa nthawi imeneyo. Wamva?"

"Zimenezo ndikudziwa."

"Ukudziwa kukhala pansi. Chachiwiri, usathamange, usakuwe. Gwape wamkulu saopa phokoso. Munthu waphokoso amamudziwa pamene ali, amangogona phee, n'kumulola adutse. Chimene sapirira ndi munthu woima. Uziyenda mokhotakhota, kenako ima, khala duu ngati waiwala chimene wadzera. Iye amaganiza kuti wamuona, mtima n'kumuphulika, n'kudzuka yekha. Mphepo ikhale kumsana kwako, fungo lako lizikutsogolera. Ndipo ukamuona ali ndi nyanga, lira kawiri."

"Talira timve," anatero Stosh.

Merle analira. Stosh anagwira tebulo kuti asagwe. "Ameneyo si khwangwala, ndi nkhuku yomezedwa ndi galu!"

M'mawa kunacha kuli chipale chofewa chatsopano, chofika m'akakolo. Anadikira dzuwa likwere, kenako anawakhazika a Orval pachileyi, atawavindikira bulangeti, chipewa cha olenji chili pamutu, mfuti ya Merle ili pamiyendo. Merle ndi Stosh anagwira chingwe n'kuyamba kukoka mumsewu wakale wa odula matabwa. Pageti anakumana ndi alenje awiri a ku Pittsburgh akutsika kukadya, zovala zawo zikadali ndi mapindo a m'sitolo. Anaima kukamwa kuli yasa.

"Mwamupha kuti ameneyo, madala?" anafunsa mmodzi.

"Tikukamubweza," anayankha Stosh. "Ndi wokalamba, nyama yake njolimba."

A Orval anawavulira chipewa ngati mfumu ili pamachira.

Njira yonse iwo ankaloza ndi ndodo. Apa ndi pamene amalume Harlan anagona tulo, gwape n'kuwanunkhiza nsapato. Apo panali mtengo waukulu wa oki umene bambo ankapachikapo chakudya chamasana. Uko ndi kumene Merle anapha gwape wake woyamba n'kulira ngati mwana wakhanda. Merle ankakoka chingwe, thukuta lili kamukamu, akumvetsera. Malo onsewo ankawadziwa, koma ankangowadutsa pothamangira kumwala. Sanadziwe kuti akulu ake ankasunga zonsezi.

Atafika pampata anawakhazika pamwala uja, msana utatsamira chitsa. Mwalawo unali utasalala pamene Merle ankakhala zaka zonsezi. A Orval anatulutsa kabotolo ka phulusa la m'mbaula, anawaza pang'ono m'mwamba, n'kuona kumene likulowera.

"Mphepo ili bwino. Zungulira kumunsi kwa mtsinje, uyambire pamtengo wogwa uja. Stosh, iwe khala kuseri kwangaku, ndipo pakamwa potseka."

Merle anatenga ndodo ya akulu akewo n'kutsetsereka.

Walira mvula walira matope. Asanalowe n'komwe pakati pa ziyangoyango, Merle anali atazindikira kuti zaka zonsezi ankadya thukuta la munthu. Zitsambazo sizigwetsa masamba ngakhale m'chisanu, ndipo nthambi zake n'zopotana ngati zala za nkhalamba. Zinamukola miyendo, zinamulanda chipewa, zinamuthira chipale m'khosi. Pena ankakwawa ndi maondo, pena ankagwa chafufumimba. Anatukwana zitsambazo, anatukwana boma lomwe linazisiya, anadzitukwana yekha. Kenako anaona chinthu chimene chinamutseka pakamwa: pathunthu la kamtengo kena panali pamene khungwa linaperepeseka, posalala, pamsinkhu wa dzanja la munthu. Patsogolo panalinso pena, ndi penanso. Sanali gwape wonola nyanga ayi. Panali pamene a Orval ankagwira podzikoka kukwera mtunda, chaka ndi chaka, mpaka mtengo unazolowera dzanja lawo. Merle anaika dzanja lake pomwepo. Linakwana.

Anakumbuka mmene akulu ake ankatulukira m'thengomo masiku amenewo, nkhope ili zikandezikande, thalauza litanyowa mpaka m'chiuno, n'kumupeza iye ataima pambali pa gwape, wouma bwinobwino, akusuta. Mawu awo oyamba nthawi zonse ankakhala akuti, "Wamulasa bwino, mphwanga." Ndiye ankagwira mwendo umodzi n'kuthandiza kukoka. Madzulo chiwindi chikamakazingidwa ndi anyezi, nkhani inkakhala ya kuwombera kwa Merle. Iye sanafunsepo ngakhale kamodzi kuti, kodi m'thengomo munali bwanji?

Anapukuta m'maso ndi golovesi, n'kunamizira chipale.

Anayenda monga anauzidwira, mokhotakhota, mphepo ili kumsana. Anaima. Palibe chinachitika. Anayendanso, n'kuimanso. Agwape aakazi awiri akanakhala bwino, koma ngakhale gologolo sanaoneke. Mtima unayamba kumuuza kuti afulumire, kuti dzuwa likupendeka, kuti Loweruka layandikira ndipo tsiku lina ngati limeneli silidzapezekanso. Miyendo inkafuna kuthamanga. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Pafupi ndi pamwamba pa khwawa, pamene zitsamba zinawirira kwambiri, anaima n'kutsamira ndodo. Anaima mpaka kumva kugunda kwa mtima wake m'makutu. Anaima mpaka anayamba kudziona wopusa.

Pamenepo thengo linaphulika. Chapafupi kwambiri, poti akanatha kuponyapo chipewa, gwape anadzambatuka pansi ngati nthaka yamulavula. Anali wamphongo, wakhosi lonenepa, wotuwa kumaso ndi ukalamba, nyanga zake zotambalala kuposa zonse za pakhoma lija. Anaswa zitsamba, mchira woyera uli m'mwamba, kulunjika kumpata.

Merle anatsegula pakamwa kuti alire ngati khwangwala. Munatuluka mpweya wokha. Anayesanso, koma chifuwa chinali chitauma ndi mtunda, mawu osabwera. Anangoima chiimire, akupemphera kuti akulu ake akhale ali maso.

Kunali zii. Kenako, kuchokera kumtunda, kumwala kuja, kunamveka kulira kwa khwangwala, kawiri, koyera bwino, kumene Merle anakumva moyo wake wonse.

Manja ake sanamufunse. Anangozindikira kuti wakweza ndodo ija paphewa, tsaya lili pamtengo, diso limodzi litatsinzina, akuloza zitsamba.

Patapita kanthawi, mochedwa kwambiri, mfuti inalira kamodzi. Mlenje aliyense amakadziwa kaliridwe ka chipolopolo chimene chapita kukapha mtengo.

Pamene Merle ankatulukira pampata, nkhope ili zikandezikande, thalauza litanyowa mpaka m'chiuno, anapeza Stosh atagona chagada m'chipale, akupumira m'mwamba ndi phwete. A Orval anali pamwala pompaja, mfuti ili pamiyendo, akuyang'ana mapazi a gwape amene anadutsa pafupi ndi nsapato zawo n'kukhotera kuphiri.

"Anabwera!" anatero Stosh akupukuta misozi. "Anabwera n'kuima apa, apa penipeni, chammbali, ngati akufuna kujambulitsa! Ine ndikuti, womberani akulu, womberani! Iwo n'kutsegula kukamwa, khwaa! khwaa! Gwape anadumpha ngati wapsa. Mpamene akukumbuka kuti mfuti ili ndi iwo!"

Merle sanaseke. Anakhala pansi m'chipalemo, mphamvu zonse zitamuthera. Ankafuna kukalipa, ankafuna kulira, ndipo sanadziwe choyambira.

"Achimwene, chifukwa chiyani? Ndinakubweretserani. Ndinakubweretserani pamiyendo!"

A Orval anakanda chibwano.

"Ndinaona nyanga, mphwanga. Ndikaona nyanga ndimakuuza." Analoza mapazi a gwape aja. "Komatu ndamuona kumaso. Ukudziwa kuti onse aja a pakhoma ndinkangowaona kumatako? Uyu anandiyang'ana. Ali ndi maso ngati a mphunzitsi wamkulu." Kenako anamuyang'ana Merle, zikande zija ndi thalauza lija, n'kugwedeza mutu. "Wamuvumbulutsa bwino."

Mawu amenewo ndi amene anamumaliza Merle. Anatembenuka n'kuyamba kukonza chingwe cha chileyi chimene chinali chokonzeka kale.

Tsiku lotsatira kunagwa mvula yozizira, ndipo linzakelo chiuno cha a Orval chinatupa moti sakanatha ngakhale kukhala pachileyi. Mwayi unali womwe uja. Khoma linakhala mmene linalili.

Koma mlandu sunawole. Lachisanu dzuwa lisanalowe, Stosh anavala chipewa chake chaubweya, anakhala pamutu pa tebulo, n'kumenya poto ndi chipande.

"Khoti lakhala! Orval Brubaker, imirirani. Kapena ayi, khalani, tingachedwe. Mukuimbidwa mlandu woti gwape anakupezani muli ndi mfuti, inu n'kumuimbira nyimbo. Mutamaliza kuimba munawombera mtengo wa boma wosalakwa. Mukuvomera kapena mukukana?"

"Mtengowo unasuntha," anatero a Orval.

"Bodza pamaso pa khoti! Mboni ilipo?"

"Ndilipo," anatero Merle. "Ndinakwawa khwawa lonse ndi mimba yangayi. Ndikupempha chilango chokhwima."

"Shati idulidwe!"

Mwamwambo, wodula amakhala amene anavumbulutsa nyamayo. Choncho michira yonse ya Merle imene inali pamtandapo anadula ndi a Orval. Tsopano Merle anatenga mpeni wosendera, n'kuima kumbuyo kwa akulu ake. Anali atavala shati yaubweya yofiira ndi yakuda, imene malemu akazi awo, a Lorna, anawagulira kalekale, yozigambidwa m'zigongono. Merle anazengereza.

"Achimwene, iyi ndi ya alamu. Kavaleni ina."

"Dula yomweyi. Ndipo usadule kakhutu ka mbewa ngati ndine mlendo. Dula chachikulu, chioneke."

Merle anasolola shatiyo m'thalauza. Msana wa akulu ake unali utachepa. Msana umene unkatsekereza khomo la msasawo tsopano unali mafupa okhaokha. Anadula chinsalu chachikulu ngati chikhatho chotambasula. Anakwera pampando, msomali uli pakamwa, n'kufunafuna malo pamtanda.

"Osati apo," anatero a Orval akuloza ndi ndodo. "Uko, pafupi ndi kobiriwira kaja. Kaja n'ka bambo. Anaphonya chaka chimene iwe unabadwa, ankati unawasokoneza ndi kulira."

Merle anakhoma. Nsalu yofiirayo inalendewera pakati pa nsanza zofumbwa zija, yowala kuposa zonse. A Orval anaiyang'ana, mutu uli chagada, akumwetulira ngati mnyamata amene walandiridwa kumene pagulu la akuluakulu.

"Ndinkafuna zikhale nyanga," anatero Merle akadali pampando.

"Nyanga n'za gwape, mphwanga. Icho n'changa."

Renee anafika Loweruka chakum'mawa. Analowetsa zikwama m'galimoto, anapsompsona bambo ake aang'ono, anakana khofi wa Stosh mwaulemu monga amachitira aliyense wofuna moyo. A Orval atatembenuka kuti akwere, anaona chibowo kumbuyo kwa shati, kabudula wamkati akusuzumira.

"Adadi, simungayende chonchi! Tikwera ndegetu. Ndakutengerani shati yatsopano."

"Isiye m'chikwama. Kumene ukunditengerako kuli madala ambiri, eti? Akandifunsa, ndikhala ndi nkhani yowauza."

Abale awiriwo anagwirana chanza. Anakamba za nyengo, kuti chipale chibweranso Lolemba, ndiponso kuti denga la kuseri likufunika malata. Merle ankafuna kunena zambiri, za mitengo yosalala ija, za zaka zonse zija, koma galimoto inali ikudikira.

"Chaka chamawa ndilowanso m'thengo," anatero pomaliza. "Stosh akhala pamwala."

"Ndiye agwape a boma apuma," anatero a Orval, n'kutseka chitseko.

Galimoto inatsika pang'onopang'ono mumsewu wamatope, inadutsa pageti, n'kubisika kuseri kwa mitengo. Stosh analowa m'nyumba kukatsuka mapoto. Merle anatsala pakhonde, manja ali m'matumba, akumvetsera injini ikuzilala kumunsi kwa chigwa.

Ndiye kuchokera kumeneko, patali, kunamveka khwangwala akulira kawiri.

Manja a Merle anatuluka okha m'matumba. Anafika nawo mpaka paphewa asanakumbuke kuti sananyamule kanthu, ndipo anakhala choncho kanthawi, akuyang'ana mpata wa pakati pa mitengo pamene sipankatuluka chilichonse.